Ana akulakatula malamulo a Newton, koma akuti lole imamenya kwambiri kuposa minibasi

Wa_ku_Santhe

Moni aphunzitsi anzanga. Ndimaphunzitsa Fizikisi pa CDSS ina kuno kumbali ya Santhe, ndipo teremu ino ndili ndi a Fomu 4 pamutu wa malamulo atatu a Newton. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pantchitoyi.

Kuloweza ana angawa amatha. Lamulo loyamba, lija loti chinthu chimakhalabe phee kapena kuyendabe molunjika pa liwiro lomwelo pokhapokha force (mphamvu yokankha kapena yokoka) itachisintha, amalilakatula m'Chingerezi osaphonya ndi liwu limodzi lomwe. Mukawapatsa katundu wa makilogalamu 50 ndi resultant force (force yotsala mukaphatikiza ma force onse) ya ma newton 100 (100 N), musanatembenuke n'komwe akuuzani kale kuti acceleration (kusintha kwa liwiro pa sekondi iliyonse) ndi 2 m/s². Mtima wanga unali m'malo mpaka sabata yatha, pamene ndinawapatsa mafunso atatu opanda nambala ngakhale imodzi.

Loyamba linali la mwala woponyedwa m'mwamba. Ndinati ajambule mivi yosonyeza ma force onse amene ali pamwalawo utachoka kale m'dzanja, ukadali kukwera. Pafupifupi kalasi yonse inajambula muvi waukulu woloza kumwamba ndi kamuvi kakang'ono koloza pansi. Mtsikana wina, mmodzi mwa amene amakhoza bwino, anandifotokozera mofatsa kuti mphamvu ya dzanja imapita nawo mwalawo, imanka nichepa, pamwamba penipeni imalingana ndi weight (force imene dziko limakokera mwalawo pansi), kenako imatheratu ndipo mwala umabwerera. Anzake anagwedeza mitu movomereza.

Lachiwiri linali la wakabaza amene akupalasa pamsewu wa phula wopanda chitunda kapena mtsetse, liwiro lake osasintha. Force yopita kutsogolo ndi yobwezera kumbuyo, yaikulu ndi iti? Onse anati yakutsogolo, "apo ayi njinga siyenda".

Lachitatu ndi limene linadzutsa phokoso. Lole yodzaza mabelo a fodya, yopita ku Chinkhoma, yawombana ndi minibasi pa M1. Ndi iti imene yamenya inzake ndi force yaikulu? Nditanena kuti ma force awiriwo ndi ofanana, kalasi inaseka. Mnyamata wina wakumbuyo anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pamayeso tidzalemba zanuzo kuti tikhoze, koma ngozi timaziona ndi maso athu. Yophwanyika imakhala minibasi."

Sananene mwachipongwe ayi, n'chifukwa chake mawuwo andikhala pamtima. Anangonena poyera zimene anzake onse akuchita mwakachetechete. Labotale tilibe, ma trolley ndi ticker-timer timangoziona pazithunzi za m'buku. Kodi inu mumatani kuti mwana asamasunge Fizikisi iwiri, ina ya pamayeso, ina yakeyake? Kapena ndingozisiya, poti masamuwo akukhoza?

Mphunzitsi_Wopuma

Aphunzitsi a ku Santhe, musazisiye. Komanso ana anuwo musawayese mbuli. Yankho la mtsikanayo ndi la munthu woganiza, ndipo silinayambe ndi iye. Aristotle, amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti chinthu chokankhidwa chimayenda pokhapokha chochikankhacho chilipo. Mwala umene wachoka kale m'dzanja unavutitsa chiphunzitso chimenechi kwa nthawi yaitali. Akatswiri ena a pambuyo pake, monga Jean Buridan wa ku Paris m'zaka za m'ma 1300, anati woponya amaika kanthu kena m'mwalamo, kamene ankakatcha impetus, ndipo mpweya ndi kulemera kwa mwalawo zimakadya pang'onopang'ono mpaka mwala kubwerera. Si zomwe wanena mtsikana wanuyo? Newton anasindikiza malamulo ake mu 1687. Kuchokera kwa Aristotle kufika pamenepo ndi zaka pafupifupi 2000, anthu anzeru akulimbana ndi funso lomweli. Ndiye ife tisadabwe likakana kutha m'mapiriyodi awiri.

Taganizaninso zimene mwana wa ku Santhe waona chibadwire. Ng'ombe zikaima, ngolo imaima. Akasiya kukankha wilibala, imaima pomwepo. Mpira wachikulunga ukamenyedwa pabwalo lafumbi umagubuduka pang'ono n'kuima. Maso ake sanamunamize. Chimene sanachione ndi friction, force yobweza chinthu chikamakhudzana ndi china poyenda, poti siioneka, ndipo kwathu kuno kulibe madzi oundana oti mwana aonepo chinthu chikutsetsereka mtunda wautali popanda wochikankha. Lamulo loyamba likamabwera pabolodi, limabwera kudzatsutsa umboni wa moyo wake wonse.

Ine chimene chinkandithandiza ndi lamulo langa limodzi: muvi uliwonse ukhale ndi mwini wake. Mwana akajambula muvi, anene kuti iyi ndi force ya chakuti pa chakuti. Akalephera kutchula mwini wake, muviwo ufufutidwe. Ndiye mumufunse mafunso awiri okha. Chikukhudza mwalawu pakali pano n'chiyani? Mpweya basi. Chikuukoka osaukhudza n'chiyani? Dziko. Nanga muvi waukulu woloza kumwambawu ndi wa yani? Akati ndi wa dzanja, inu ponyani choko m'mwamba n'kupisa dzanja m'thumba chisanabwerere, mufunse kuti dzanja lili m'thumba likukankha bwanji chinthu chimene chili pafupi ndi malata. Amaseka, koma pamenepo ndi pamene mutu umayamba kugwira ntchito.

Kungoti samalani, mtsikanayo musamuuze kuti mwala sunyamula kanthu. Umanyamuladi, iye waona bwino. Dzanja laupatsa velocity (liwiro lolowera mbali inayake), ndipo velocity ikachulukitsidwa ndi mass (makilogalamu a chinthucho) ndiyo momentum. Polakwika ndi poitcha force n'kuiika pachithunzi chimodzi ndi weight kuti zizilimbana. Mukamulanda zonse amakakamira. Mukamusiyira chimene waonacho n'kungochiika pamalo pake, amalola.

Kenako bweretsani nambala zimene amazikondazo. Mwala uchoke m'dzanja pa 10 m/s, g (acceleration yobwera ndi kukoka kwa dziko) titenge 10 m/s², mpweya tiuiwale kaye. Pakatha theka la sekondi uli pa 5 m/s. Pakatha sekondi imodzi uli pa 0, mamita 5 pamwamba pa dzanja. Pakatha theka lina uli pa 5 m/s kulowera pansi. Alembe mndandandawo okha aone kuti theka lililonse la sekondi velocity ikusintha ndi 5 m/s kulowera pansi, pokwera, pamwamba penipeni, ndi potsika pomwe, osapumira. Force imodzi yomweyo ndiyo ikuchita zonsezi. Ndiye muwakole ndi lamulo limene analoweza lija. Ngati pamwamba paja mwala waima ndipo ma force alingana monga akunenera, lamulo loyamba likuti utani? Ukhale pomwepo m'malere, osatsika. Alipo anauonapo mwala wotero?

Pa lamulo loyamba lenilenilo bwerekani nzeru ya Galileo, amene anamwalira mu 1642. Pezani paipi yapulasitiki yoonekera mkati imene amisiri omanga nyumba amayezera levulo, ndi kampira kachitsulo ka m'habu ya njinga. Ana awiri agwire paipiyo ikhale yopindika ngati chilembo cha U. Kampirako mukakataya mbali ino, kamakwera mbali inayo mpaka pafupifupi msinkhu umene kanachokera. Gonekaniko pang'ono mbali yachiwiriyo: kayenda mtunda wautalipo, kufunafuna msinkhu womwe uja. Gonekaninso. Pomaliza igone pansi yonse, ndipo mufunse kuti pakanapanda friction kampiraka kakanaima pati. Musayankhe inu. Asiyeni akhale nalo funsolo ngakhale mpaka mawa.

Akamati zimenezo n'zongoganizira, auzeni za Voyager 1, chombo chimene chinanyamuka padziko lino mu 1977. Mpaka lero chikupitabe kutali ndi dzuwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, popanda injini yochikankhira kutsogolo.

Nabanda_Kapiri

Achimwene, abambo opumawa anena zokwanira pa lamulo loyamba, ine ndigwirepo za loleyo. Ndi pakamwa pokha simungawagonjetse. Mnyamata wakumbuyoyo ali ndi mboni, inu muli ndi buku lokha. Pezani mboni nanunso.

Kuno ku Kapiri ndimabwereka masikelo awiri a mbedza kwa mavenda ogula soya ndi mtedza. Yambani mwapachika katundu mmodzi yemweyo pa onse awiri ana akuona, atsimikize kuti akuwerenga mofanana, pajatu masikelo a mavenda mukuwadziwa. Kenako kolani mbedza ziwirizo. Mbali ina agwire mnyamata wamkulu thupi kuposa onse, mbali inayo mtsikana wochepa thupi kuposa onse. Asanakoke, aliyense m'kalasimo alembe m'kope mwake sikelo imene iwerenge zambiri, ndipo alembe ndi bolopeni, osati pensulo. Gawo limeneli musalidumphe. Mwana amene sanalembe, akaona zotsatira amati "ndimadziwa kale", maganizo akale aja n'kutuluka nawo m'kalasi ali bwinobwino.

Akakoka, masikelo onse awiri amawerenga chimodzimodzi. Kalasi imayamba kukana: mnyamatayo akumumvera chisoni, sakukoka zenizeni. Muuzeni akoke mpaka mnzakeyo akhwekhwereke pasimenti. Amakhwekhwerekadi, koma masikelo amayenderabe limodzi. Ndiye tulukani panja, mtsikanayo apume, sikelo yake muimangirire kumtengo. Mtengo sudya nsima, sufuna kupambana, komabe sikelo ya mbali yake ikuwerenga zomwe ikuwerenga ya mnyamatayo. Apa ndi pamene ana anga amakhala chete.

Mukatero bwererani kungozi ija, ndipo muyambe ndi kumuvomereza mnyamatayo kuti yophwanyika ndi minibasidi. Kungoti wasakaniza mafunso awiri: kukula kwa force, ndi zimene force imeneyo yachita pa chinthu chimene yachigwera. Tinene kuti lole ndi katundu wake ndi makilogalamu 20,000, minibasi 2,000, ndipo pakuwombanapo force ndi 200,000 N mbali zonse ziwiri. Agawe okha, poti F = ma (force ndi mass kuchulukitsa ndi acceleration) amaidziwa. Lole ipeza 10 m/s², minibasi 100 m/s², kuchulukitsa ka 10. Okwera minibasiwo ndi amene matupi awo aimitsidwe mwankhanza chotero. Onjezani kuti kumaso kwa minibasi ndi kachitsulo kopyapyala, pomwe lole ili ndi zitsulo zochindikala. Ine ndimawafunsanso za kupunthwa. Ndani sanapunthwepo pamwala akuyenda wopanda nsapato? Mwala unali phee, woyenda unali iwe, koma chikhadabo chimene chinazuka n'chako. Chinachizula n'chiyani ngati mwalawo sunabwezere?

Konzekeranitu, chifukwa akangovomera lamulo lachitatu, loti zinthu ziwiri zimakankhana kapena kukokana ndi ma force ofanana oloza mbali zosiyana, wochenjera mmodzi amatulukira ndi la ngolo. Ngati ng'ombe zikukoka ngolo ndi force yofanana ndi imene ngoloyo ikukokera ng'ombe kumbuyo, zimayenda bwanji? Si zikanangoima malo amodzi? Funso limeneli ndimalikonda kuposa onse, ndipo akapanda kulifunsa ndimalifunsa ndekha. Jambulani zithunzi ziwiri zotalikirana, ngolo payokha kumanzere kwa bolodi, ng'ombe pazokha kumanja. Pangolo pali kukoka kwa ng'ombe kopita kutsogolo ndi friction yobwezera kumbuyo. Kukokako kukaposa friction, ngolo imanyamuka. Pang'ombe pali kukoka kwa ngolo kobwezera kumbuyo, komanso nthaka imene ikukankhira ziboda kutsogolo poti zibodazo zikuikankhira kumbuyo. Ma force awiri a lamulo lachitatu aja ali pazithunzi zosiyana, ndiye sangafafanizane. Mwana aliyense wa kuno anaonapo ngolo kudambo mu Januwale, ng'ombe zamphamvu zomwe zija zikungoterereka m'matope. Goli ndi lomwelo, mkwapulo ndi womwewo. Chasowa ndi nthaka yolimba yozikankhira kutsogolo.

Palinso msampha wina umene umapezeka ngakhale m'manotsi amene ana amabwerekana. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili patebulo, weight 500 N kulowera pansi, tebulo likukankha 500 N kulowera m'mwamba, ndiye n'kumati amenewa ndiwo action ndi reaction. Ayi ndithu. Onse awiriwo ali pathumba lomwelo. Mnzake wa weight ndi 500 N imene thumbalo likukokera dziko lonse lapansi, ndipo mnzake wa kukankha kwa tebulo ndi kupanikiza kwa thumba patebulopo.

Dalaivala_wa_Lole

Pepani aphunzitsi, ndalowerera nkhani ya eni ake. Ine ndimayendetsa lole, sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ndipo izi amabwera nazo kunyumba. Zija mukuti chinthu choyenda sichiima chokha, ife timazidziwa bwino. Ukanyamula matumba a feteleza osawamanga mokwanira n'kuponda buleki mwadzidzidzi, onse amabwera kudzagunda kumutu kwa lole. Palibe wawakankha. Lole ndiyo yaima, iwo akupitiriza ulendo. Ndipo lole yodzaza siima pamene imaima yopanda kanthu, buleki umayambira patali. Anyamata a njinga zamoto amene amadula kutsogolo kwathu akanamadziwa zimenezi bwenzi maliro atachepa.

Funso langa ndi la pakona. Ndikamakhotera kumanzere ndili pa liwiro, thupi langa limakagunda chitseko, ndipo ndimamva ndithu kuti chinachake chandikankhira kunja. Mwana wanga akuti kulibe chondikankhira kunja chilichonse. Ine ndikuti ndimachimva m'nthiti. Woona ndani?

Wamasamu_Nkhamenya

Zonsezi n'zokoma kuwerenga, koma tiuzane zoona. Chigawireni Physical Science pawiri, ambirife m'ma CDSS munthu mmodzi yemweyo ali ndi Fizikisi, Kemisitiri, Masamu pamwamba. Fomu 4 ili ndi mitu yambirimbiri yodikira, kenako kubwereza za Fomu 3, kenako mayeso a moko. Ndikatha sabata ndikukoketsa ana masikelo pansi pa mtengo, silabasi anditsirizira ndani? Pepala la MANEB limati tchulani lamulo, tanthauzirani inertia, werengerani force. Ana a mnzathuyu zonsezo akukhoza. Makolo akamabwera kudzamva zotsatira za MSCE safunsa za Aristotle, amafunsa mapointi. Amene adzapite ku MUBAS kapena ku MUST akazimvetsa komweko, kuli malabotale. Ine ndimapereka manotsi, timachita mapepala a zaka zam'mbuyo, basi.

Nabanda_Kapiri

Achimwene a ku Nkhamenya, za nthawi sindikutsutsani, inenso ndasenza maphunziro awiri. Koma zoti akazimvetsa ku yunivesite ndiye ayi, zimenezo anthu anaziyesa kale. Mu 1992 David Hestenes ndi anzake awiri ku America anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, mafunso osankha yankho opanda chowerengera, a mtundu wa atatu a mnzathuwa. La lole yowombana ndi kagalimoto kakang'ono lilimo. Chimene chinaoneka n'chakuti ophunzira ambiri a m'mayunivesite amamaliza kosi ya Fizikisi ali ndi maganizo omwe analowa nawo, ngakhale amene masamu ake amakhoza. Eric Mazur wa ku Harvard atapereka mafunso otere kwa ophunzira ake, mmodzi anamufunsa ngati ayankhe monga anaphunzitsidwira kapena monga iye amaganizira. Si mnyamata wa ku Santhe yemwe uja ameneyu? Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000 m'makosi 62. Kumene mphunzitsi ankangolankhula ana n'kumalemba, pakutha pa kosi ophunzira anapeza 23 peresenti ya malikisi amene ankawasowa poyamba. Kumene ankapatsidwa mpata woganiza, kuyankha ndi kutsutsana okhaokha, anapeza 48 peresenti.

Njira ya Mazur siifuna labotale, siifunanso sabata. Funso limodzi pabolodi, mayankho A mpaka D. Aliyense asankhe payekha, aonetse ndi zala pachifuwa kuti asaonerane. Akagawikana, muwapatse mphindi ziwiri kapena zitatu aliyense ayese kukopa mnzake woyandikana naye amene wasankha zosiyana, kenako avotenso. Mphindi 10 zakwana. Kalasi ikakula ndi pamenenso zimakoma, chifukwa otsutsana nawo sasowa. Si zachilendotu izi, ndi zomwe a SMASSE, pulogalamu yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, akhala akutiuza kumaphunziro a patchuthi aja, kungoti tikabwerako mapepala timawatsekera m'kabati.

Ndipo ngongole imeneyi imabwera ndithu pamayeso. Tengani la kabaza lija, limene palibe waligwira. Ana amati yakutsogolo ndi yaikulu chifukwa wakabaza akutuluka thukuta. Thukutalo n'loona. Akupalasa kuti kukankha kwa msewu pa tayala lakumbuyo kulingane ndi mpweya ndi friction zimene zikumubweza. Ponyamuka pasiteji ndi pamene yakutsogolo imaposa, n'chifukwa chake liwiro limakwera. Awerengere okha chimene chingachitike itapitiriza kuposa. Njinga, wakabaza ndi kasitomala wake tinene makilogalamu 150, yakutsogolo iziposa ndi 15 N yokha. Acceleration ndi 0.1 m/s². Pakatha mphindi 5 ali pa 30 m/s, ndiye kuti makilomita 108 pa ola. Wakabaza wonyamuka pa Kamwendo bwenzi akupitirira mabasi a ku Lilongwe. Liwiro likakhazikika, resultant ndi 0, ngakhale munthuyo ali wefuwefu.

Mwana amene sanamvetse zimenezi mudzakumana naye pa terminal velocity, liwiro limene chinthu chogwa chimakhazikikapo, akulemba kuti wa parachuti akutsikabe chifukwa weight ikuposa mpweya, kapena kuti ma force akalingana munthuyo amaima m'malere. Pamenepo funso limati fotokozani, ndipo manotsi oloweza samupulumutsa.

Mphunzitsi_Wopuma

Bambo a lole, mwana wanuyo wanena zoona, ndipo nanunso simukunama kuti mumamva kanthu m'nthiti. Yankho mwalipereka kale nokha ndi matumba a feteleza aja. Pakona thupi lanu limafuna kupitiriza molunjika kumene limapita. Lole ndiyo yakhotera kumanzere, chitseko n'kubwera kudzakupezani. Chimene mukumvacho ndi chitseko chikukukankhirani mkati mwa kona kuti mukhote nayo limodzi loleyo. Chitsekocho chitatseguka, inu musanamange lamba, mukhoza kupitirira molunjika, lole n'kukhota yokha kukusiyani. Muuzeni mwanayo amange mwala kuchingwe, auzungulize chapansipansi pabwalo, kenako ataye chingwecho, muone nonse kumene mwala ulowere. Musanayese, aliyense ajambule padothi njira imene akuganiza kuti udutsa. Chitirani kutali ndi mawindo.

Wa_ku_Santhe

Zikomo nonse. Masikelo ndinabwereka kwa venda wina pamsika, ndipo zinayenda monga Madamu a ku Kapiri ananenera, mpaka mawu oti "akumumvera chisoni" anatuluka ndithu. A ku Nkhamenya, sizinadye sabata, dabulo piriyodi inakwana. Koma sindinganene kuti nkhani yatha.

Wokoka ndinasankha mnyamata wa minibasi uja. Titamangirira kumtengo anapempha kuti masikelo asinthanitsidwe, mwina ina ndi yobera. Tinasinthanitsa, zotsatira n'kukhala zomwezo. Anakhala kaye chete, kenako anati za kukoka wavomera, koma kuwombana ndi nkhani ina chifukwa lole imabwera ndi liwiro, ndipo yothamanga ndiyo imamenya kwambiri. Ndiye kuti wachoka pa kulemera, wasamukira pa liwiro, ndipo anzake angapo asamuka naye. Ndikuganiza zopeza masikelo awiri oimapo anthu aja, n'kuwagundanitsa misana, wina awagwire ali chiimire, wina abwere akuyenda kudzakankha, ena awiri aziwerenga. Madamu, munayesapo zimenezi? Singano zake zimakhazikika mokwanira kuti munthu awerenge?

Za mwala, lamulo la abambo opuma loti muvi ukhale ndi mwini wake lagwira ntchito kwa ambiri. Ena ochepa achenjera nalo: muvi woloza kumwamba uja akuujambulabe pamalo omwewo, kukula kwake komweko, angosintha dzina n'kulembapo momentum. Ndawauza kuti velocity ndi momentum azijambula pambali ndi mzere wodukizaduka, osati pamwalapo, tione ngati zithandize. Paipi ya amisiri sindinaipeze, ndikuyembekeza kwa kholo lina limene limamanga nyumba.

Masikelo a mavendawa abweretsanso vuto lawo. Amawerenga makilogalamu, ndiye pantchito ya kunyumba ana angapo alemba kuti mnyamata anakoka ndi force ya 18 kg. Ndawauza kuti azichulukitsa ndi 10 kuti apeze ma newton, koma ndikuona kuti mass ndi weight zayambanso kusokonekera m'mitu mwawo, pomwe tinali titazilekanitsa. Alipo ali ndi spring balance yolembedwa ma newton yoti ndibwereke kwa sabata imodzi, ngakhale imodzi yokha? Loweruka ndikhala ku Kasungu boma m'mawa, ndikhoza kudzatenga.